Makina Akale Ophunzitsidwa Kumvera Kompyuta

Tonse a kuno ku Mchinji tidziwa zimene zimachitika chigayo chikafa nthawi yokolola. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, mwini chigayo amathamangira ku Lilongwe, kapena kuoloka malire pa Mwami kukafuna kena ku Chipata, ndipo amayi athu amabwerera ku mtondo. Tsono ndifuna kukufotokozerani, anzanga, za makina amene angathe kusema zitsulo zotere, ndiponso momwe amisiri a maiko ena amawasinthira kunyumba kwao kuti aziyendetsedwa ndi kompyuta.

Pa Chingerezi makinawa dzina lake ndi milling machine, koma musaganize kuti amagaya ufa ai. Ali ndi kampeni kozungulira ndi tebulo pamene amamangirirapo chitsulo chofuna kusemedwa. Mmisiri amapukusa zigwiriro zitatu: china chimayendetsa tebulo kumanja ndi kumanzere, china kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chachitatu m'mwamba ndi pansi. Chigwiriro chiri chonse chimatembenuza bawuti wamtali wa mazinga, ndiye amene amakankha tebulolo.

Posintha makinawa mmisiri sataya kanthu kakakulu. Amachotsa zigwiriro zija naikapo timamota titatu totchedwa stepper. Timamotati sitizungulira mwaliwiro monga pampu, koma timayenda kaphazi kamodzikamodzi, ndipo tambiri timatenga mapazi 200 kuti tizungulire kamodzi. Apa ndi pamene masamu athu a m'kalasi amalowa. Tiyerekeze kuti bawuti akazungulira kamodzi tebulo lisuntha mamilimita 5. Gawani 5 ndi 200, mupeza kuti phazi limodzi ndi mamilimita 0.025, kuchepa koposa tsitsi limodzi. Motero kuti tebulo liyende mamilimita 10, kompyuta iyenera kutumiza mapazi 400. Malamulo ake amalembedwa m'chinenero chotchedwa G-code, ndipo mapulogalamu owerenga chinenerochi, monga LinuxCNC ndi Grbl, ngaulere.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'zaka za m'ma 1940, John Parsons wa ku America, pokonza mapiko a helikopita, anali kuwerengeratu manambala a malo onse oyenera kusemedwa, ndipo anthu anali kupukusa zigwiriro motsata manambalawo. M'chaka cha 1952 akatswiri a sukulu yaukachenjede ya MIT anaonetsa makina a Cincinnati amene anawasintha kuti azimvera manambala obooledwa pa tepi. Taonani, ngakhale makina otchukawo anali ochita kusintha.

Koma pali zovuta ziwiri. Choyamba, bawuti wakale amakhala ndi mpata m'mazinga mwake, kotero kuti akayamba kubwerera m'mbuyo amazungulira pang'ono tebulo lisanasunthe. Dzanja la mmisiri limaumva mpatawo, koma kompyuta siumva, imangowerenga mapazi ngati kuti ntchito yachitika. Chifukwa cha ichi ambiri amaikamo bawuti wina woyenda pa timipira tachitsulo. Chachiwiri tichidziwa bwino: magetsi akazima pakati pa ntchito, makina amaiwala pamene anafika, ndipo mmisiri ayenera kuyesanso malo oyambira, apo ai chitsulo chaonongeka.

Ine ndiona kuti kompyuta ingolowa m'malo mwa dzanja, osati mwa mutu. Imabwereza ntchito imodzi kambirimbiri osatopa, koma mukaipatsa nambala yolakwa idzaononga chitsulo mokhulupirika ndithu. Kusankha kampeni, kumanga chitsulo molimba ndi kuyesa ndi ntchito ya munthu.

Chomwecho anzanga amene mumati masamu ndi kujambula ziribe phindu, ganizaninso bwino. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete iri pa msewu wathu womwewu wa ku Lilongwe. Tsiku limene mmisiri wa kwa Kamwendo adzasema yekha chitsulo cha chigayo kapena cha makina oswera mtedza, ndifuna kuti adzakhale mmodzi wa ife.