Mankhwala atsopano ayamba ayesedwa

Anzathu a m'koperativa, mbozi ya m'chimanga ija tonse tiidziwa. Kwawo ndi ku America. Inaoneka mu Africa mu 2016, ndipo mu 2017 inali itafika kale m'minda ya Mozambique. Pa Chipwitikizi aitcha lagarta do funil. Ibisala mumtima mwa chimanga, mmene mutuluka masamba atsopano. Mayi wake ndi gulugufe wouluka usiku, ndipo aikira mazira mazanamazana. Nyengo ikatentha, mwezi umodzi ukwanira kuti dzira lisanduke gulugufe woikira mazira ena.

Mbozi ifulumira chotero. Nanga boma lichedweranji kulola mankhwala atsopano? Funso ili limveka pamisonkhano, ndipo si funso lopusa ayi.

Lamulo la mankhwala ophera tizilombo m'dziko lathu ndi Decreto 6/2009. Liti mankhwala asagulitsidwe boma lisanawalembe m'buku lake. Kuti alembedwe, ayamba ayesedwa. Kuyesako nakonso kufuna chilolezo. Munthu sangangobwera ndi botolo lachilendo n'kuyamba kupopera m'munda mwa anthu.

Kuyesa kuyenda motere. Akatswiri agawa munda m'zigawo zazing'ono. Chigawo china apopera mankhwala atsopano. China apopera akale odziwika. China achisiya chosapopera, kuti aone kusiyana. Kenaka awerenga mbozi zotsala, ndipo pokolola ayeza chimanga cha chigawo chilichonse. Ayang'ananso ngati poizoni watsalira m'chimanga chimene tidzadya, ndi zimene achita kwa njuchi, nsomba ndi munthu wopopera. Apa mpamene pali kuchedwa kwenikweni. Chimanga sichimva kalata ya ku Maputo. Chifuna miyezi yake kuti chikhwime, basi.

Koma kuchedwa kwina nkwa mapepala chabe. Kalata igona pa tebulo, mbozi ikudya. Kuchedwa kumeneku kuyenera kudulidwa ndithu, ndipo njira ilipo. Mu 2017 boma la South Africa linapereka chilolezo chamsanga cha mankhwala a mbozi imeneyi. Ambiri anali mankhwala odziwika kale, ogwira ntchito pa mbozi zina. Ukali wake kwa munthu unali utayesedwa. Chotsala chinali kuona ngati apha mbozi yatsopanoyi. Ndiye kufulumira kwanzeru kumeneko: zodziwika kale osaziyambiranso, zosadziwika osazilumpha.

Kulumpha kuli ndi mtengo wake. DDT anatamandidwa zaka zambiri, mpaka anthu anapeza kuti akhalitsa m'nthaka ndi m'mafuta a thupi, nafika ngakhale mumkaka wa m'mawere. Pangano la ku Stockholm la 2001 linamuletsa paulimi, n'kumusiyira ntchito yopha udzudzu wa malungo. Kuno kwathu, mu 2014, boma linachotsa m'buku mankhwala ambiri amene linawalola kale, chifukwa anapezeka oopsa kwambiri kwa mlimi wopopera wopanda nsapato, magolovesi ndi chophimba kumphuno. Mlimi ameneyo ndi ife.

Tsiku lina alendo angabwere kudzapempha chigawo cha munda wa koperativa kuti ayesepo mankhwala. Nkhani yotere isathere kwa munthu mmodzi. Ipite kumsonkhano. Tione chilolezo cha boma ndi maso athu, ndipo mlangizi akhalepo. Tsopano tidziwa kuwerenga, tiwerenge tokha. Tifunse kuti adzapopera ndani, adzavala chiyani, ndipo chitsime chili kutali bwanji. Chigawocho chizikidwe zikhomo, ana ndi mbuzi asalowemo. Chimanga cha pamenepo sitidya, sitigulitsa, sitipatsa nkhuku, kufikira boma litanena kuti n'chabwino. Ngati adzachitentha, tigwirizane poyamba kuti koperativa ilipidwa chiyani, ndipo zilembedwe.

Pamsika napo pali mankhwala ena othiridwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda dzina, opanda pepala. Wogulitsa ati, "Awa ndi atsopano, ngamphamvu zedi!" Amenewo sanayesedwe ndi wina aliyense amene tingamufunse. Botolo lololedwa likhala ndi pepala lonena dzina, muyeso, ndi masiku odikira tisanakolole. Likhalanso ndi mzere wamtundu. Wofiira utanthauza poizoni woopsa koposa.

Podikira chilolezo tisakhale manja lende. Tiyendere munda kawiri pa mlungu chimanga chikamera. Mazira akhala pamasamba m'magulu, tiwaphwanye ndi zala. Mumtima mwa chimanga chogwidwa tithiremo mchenga kapena phulusa mbozi ikadali yaing'ono.