Msonkho umene amalonda a ku Toronto anadzipemphera okha

Si kawirikawiri kumva kuti amalonda apita kuboma kukapempha kuti awonjezeredwe msonkho. Koma izi n'zimene eni mashopu a mumsewu wa Bloor, chakumadzulo kwa mzinda wa Toronto m'dziko la Canada, anachita kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Malonda awo anali atalowa pansi. Njanji ya pansi panthaka itafika kuderalo, anthu amene kale ankadutsa pamakomo a mashopuwo anayamba kudutsa pansi, osaona n'komwe katundu. Ena anatengeka ndi malo akuluakulu ogulitsira zinthu monga Yorkdale, amene anatsegulidwa mu 1964. Amalondawo anayesa kusonkha ndalama mwakufuna kwawo kuti akongoletse msewu, koma osonkha ankangokhala omwewomwewo, chonsecho phindu linkafika ndi kwa okana omwe. Boma la chigawo cha Ontario litasintha lamulo la makhonsolo, mu 1970 kunabadwa Bloor West Village Business Improvement Area, mwachidule BIA, dera loyamba la mtunduwu padziko lonse. Lero mu Toronto muli madera otere oposa 80.

Gwero lalikulu la ndalama za BIA ndi msonkho wapadera umene mwini nyumba iliyonse yochitiramo malonda m'malire a deralo amalipira, afune asafune. Umawerengedwa potengera mtengo wa nyumbayo. Tiyerekeze kuti dera lapanga bajeti ya madola 200,000 pachaka: mwini nyumba imene mtengo wake ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a mtengo wa nyumba zonse zamalonda m'deralo adzalipira madola 2,000. Wotolera si amalondawo ayi, koma khonsolo ya mzinda, imene imaphatikiza msonkhowu pa bilu ya msonkho wa malo, kenako n'kupereka ndalamazo ku bodi ya BIA. Apa ndiye pagona mphamvu ya dongosololi, chifukwa wozemba amakhala wazemba msonkho wa khonsolo. Kawirikawiri mwini nyumba amaikankhira ndalamayi kwa wochita lendi kudzera m'pangano lawo, kotero imatuluka m'thumba la mwini shopu.

Ndalamazi zimagwira ntchito zoonjezera pa zimene khonsolo imachita kale: magetsi okongoletsa, maluwa, mipando ya m'mbali mwa msewu, kufufuta zolembalemba pazipupa, kutsatsa malonda ndi zikondwerero. Pa ntchito zazikulu zokonza maonekedwe a msewu, khonsolo ya Toronto ili ndi ndondomeko yogawana mtengo ndi BIA theka ndi theka.

Popeza ndalamazi zimatoleredwa ngati msonkho, BIA siingayendetsedwe ngati kalabu ya anthu ogwirizana. Mamembala, amene ndi eni nyumba pamodzi ndi amalonda ochita lendi, amakumana chaka chilichonse kukambirana bajeti. Iwo ndiwo amasankha anthu oti akhale mu bodi, koma mainawo amatsimikizidwa ndi khonsolo, ndipo khansala wa deralo amakhala nawo m'bodiyo. Nthawi ya bodi imafanana ndi ya makhansala, zaka zinayi. Bajeti siigwira ntchito khonsolo isanaivomereze, ndipo mabuku a zachuma amafufuzidwa chaka ndi chaka. Lamulo la makhonsolo la Ontario la 2001, lomwe limagwira m'mizinda ina ya chigawochi, limalola khonsolo kudula bajetiyo koma osati kuwonjezerapo, ndipo limapatsa membala aliyense voti imodzi, ngakhale atakhala ndi nyumba khumi. Mwini kagolosale ndi mwini chinyumba chosanja amafanana pokweza dzanja, ngakhale sangafanane polipira.

Kukhazikitsa dera latsopano nako sikuchitika mwakabisira. Mu Toronto oyenera kudzalipira amaponya voti. M'mizinda ina ya Ontario ganizoli limagwa ngati otsutsa afika gawo limodzi mwa magawo atatu, malinga ngati iwowo ndi amene amalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a msonkho wa malo amalonda m'deralo. Dziko la England, limene linakhazikitsa lamulo lake mu 2003, linasankha njira ina: wolipira ndi wochita malonda m'nyumbamo, ndipo voti imabwerezedwa pasanadutse zaka zisanu.

Dongosololi linafika ndi ku South Africa, kumene pakati pa mzinda wa Cape Town panakhazikitsidwa dera lotere mu 2000, lomwe limalemba ntchito alonda ndi osesa misewu akeake. Kumeneku, monga ku Toronto, funso lovuta ndi la anthu amene amagwiritsa ntchito msewu koma alibe voti: mavenda, ogona m'makonde a mashopu ndi ongodutsa. Msewu ndi wa aliyense, koma bodi imayankha kwa amene amalipira, ndipo mkati mwa bodi ya BIA ya ku Toronto, mpando wokhawo wochokera m'voti ya anthu wamba ndi wa khansala.