Kodi chimadyetsa black hole n'chiyani?

Owerenga amafunsa kuti: ngati dark matter, yosaoneka ija, imalemera kuposa nyenyezi zonse za mlalang'amba wathu, bwanji Sagittarius A*, black hole ya pakati pake yolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, siimeza yonse? Ine ndimati kulemera sikokwanira. Kuti chinthu chigweremo, chiyenera kutaya liwiro lake lozungulira. Mpweya umatero: umagundana, umatentha, n'kutsetserekera mkati. Dark matter sigundana choncho, imangodutsa n'kumazungulira. Wina anganene kuti ndiye ilibe ntchito. Ayi ndithu. Mphamvu yake yokoka ndi imene inasonkhanitsa mpweyawo poyamba, monga mmene dambo limasonkhanitsira madzi a mvula, ndipo mpweya umenewo ndi umene unabala nyenyezi n'kunenepetsa black hole.