MPHEZI NDI MAGETSI: PHUNZIRO LA KU SUKULU LIMENE LINGAPULUMUTSE MOYO

KATETE — M'mwezi wa Ogasiti, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kudzalamba Kalonga Gawa Undi, mpweya umakhala wouma zedi. Munthu akamavula juzi ya nailoni usiku wa nyengo imeneyi amamva kuthetheka, ndipo mu mdima amaona timbaliwali ta moto. Ana amangoseka. Koma pakapita miyezi itatu, mitambo yakuda ikaunjikana pamwamba pa mapiri a Mphangwe, palibenso woseka, pakuti mphezi imapha ng'ombe, kutentha nyumba ndi kutenga miyoyo ya anthu.

Akatswiri a sayansi anatsimikiza kalekale kuti timbaliwali ta pa juzi ndi mphezi ya kumwamba ndi cinthu cimodzi, kusiyana kwake ndi kukula cabe. Phunziro limeneli limaphunzitsidwa m'masukulu a sekondale monga Katete ndi Chassa ya ku Sinda. Ana ambiri amaliloweza kuti apambane mayeso, komatu kumene lifunika koposa ndi ku mudzi, ku munda ndi kubusa.

CIPESO NDI TIZIDUTSWA TA PEPALA

Cinthu ciri conse cinapangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maatomu. M'kati mwa atomu muli mphamvu za mitundu iwiri: ina aphunzitsi amaicha pozitivu, inzake negetivu. Mphamvu ya negetivu imanyamulidwa ndi tinthu tochedwa maelekitironi, timene tingathe kucoka pa cinthu cina ndi kupita pa cinzake. Masiku onse mphamvu ziwirizi zimakhala zolingana, motero sizidziwika kuti ziripo.

Mwana akakhula cipeso ca pulasitiki pa tsitsi louma, maelekitironi amacoka pa tsitsi ndi kuunjikana pa cipeso. Akaciyandikiza ku tizidutswa ta pepala, timadumpha ndi kumamatira. Awa ndiwo magetsi okhazikika, osiyana ndi magetsi oyenda m'mawaya. Lamulo lake ndi lalifupi: mphamvu zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Timizere tiwiri todula pa thumba limodzi la pulasitiki, tikakhulidwa ndi nsalu youma, timathawana.

Zimenezi zimatheka bwino m'cilimwe koposa m'dzinja, cifukwa cinyezi cimathawitsa magetsiwo. Pulasitiki, mphira, galasi ndi mtengo wouma sizilola magetsi kupita, pamene mkuwa, citsulo, nthaka yonyowa ndi thupi la munthu zimawalola. Agriki akale, zaka 600 Yesu asanabadwe, anaziona izi pa utomoni wouma ngati mwala umene iwo ankaucha elektron, ndipo dzina la maelekitironi linacokera pamenepo.

MMENE MPHEZI IMABADWIRA

Makolo a Acewa anaona ukulu wa mphezi, ndipo mwa maina a Mulungu muli Mphambe ndi Leza. Sayansi siicepsa ukulu umenewo, koma imalongosola njira yake.

Pamwamba pa mtambo wa mvula pamazizira kotero kuti madzi amaundana. Mphepo yokwera ndi yotsika imagundanitsa tizidutswa ta madzi oundana ndi matalala, monga mmene cipeso cimakhulira tsitsi. Kunsi kwa mtambo kumadzala negetivu, ndipo iyo imakoka pozitivu ya m'nthaka, imene imakwera m'mitengo, m'zulu, m'madenga ndi mwa munthu woimirira poyera. Mphamvu zikacuruka, mpweya umalephera kuzichinga, ndipo magetsi amadumpha. Ndico cifukwa cake mphezi imakonda cinthu cacitali coima pacokha.

Benjamin Franklin wa ku America anaonetsa mu 1752, pouluka kaiti nthawi ya mabingu, kuti m'mitambo muli magetsi. Mayeso otere ndi oopsa: mu 1753 Georg Richmann anaphedwa ndi mphezi ku St Petersburg alikuyesa zofananazo, motero mwana wa sukulu asawayerekeze.

Mphezi imatenthetsa mpweya kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa kasanu kutentha kwa pamwamba pa dzuwa. Mpweyawo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita 340 pa sekondi. Munthu akaona kung'anima nawerenga masekondi atatu asanamve bingu, ndiye kuti mphezi yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Ali yense wakumva bingu ali kale pamalo pamene mphezi ingafike.

PANSI PA MTENGO SI POTHAWIRA

Anyamata oweta ng'ombe ndi alimi a m'madambo ndiwo ali pa ngozi yaikulu, pakuti mvula ikayamba amathamangira pansi pa mtengo. Mphezi ikagwera mtengowo, magetsi amadumphira munthu woima pafupi, ndipo ena amafalikira m'nthaka. Ng'ombe zimafa zambiri nthawi imodzi cifukwa miyendo yake ndi yotalikirana: magetsi amalowa mwendo wina, kupyola pa mtima, ndi kuturukira mwendo wina.

Malo abwino othawirako ndi nyumba yaikulu yolimba yokhala ndi mawaya ndi mipope yofika m'nthaka, kapena galimoto ya denga lacitsulo yotseka mazenera. Ngolo, khumbi la ku munda ndi khonde sizichinjiriza. Nyumba ya udzu siichinjiriza mokwanira, koma amene ali m'menemo akhale pakati, kutali ndi zipupa ndi khomo, osagona pansi. Wopezeka kuchire acoke pa culu, pa phiri, pa madzi ndi pa mpanda wa waya, ndipo ngati ali gulu atalikirane. Nchito kapena mpira ziyambenso patapita mphindi 30 cimvekere bingu lotsiriza.

Nsalu yofiira ndi kalilole siziitana mphezi, ngakhale ambiri amatero. Foni ya m'manja siitananso, koma yolumikiza ku magetsi a pa cipupa isagwiridwe. Munthu wogwidwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi, motero kumkhudza kulibe ngozi. Ngati sakupuma, wina amsindikize pa cifuwa mwamphamvu mobwerezabwereza, ndipo atengedwe msanga ku cipatala capafupi kapena ku St Francis ku Katete.

Pali cinanso cowawa. Mphezi ikagwa pa mudzi, kawirikawiri pamabuka mau akuti yatumidwa ndi munthu, ndipo okalamba ndiwo amalozedwa cala. Mphezi ikagwa kawiri pamalo amodzi, ena amati ndi umboni wa ufiti. Koma mtengo umene unali wautali caka catha ndi wautalibe caka cino. Mankhwala eni eni ndi aja anapeza Franklin: ndodo ya citsulo pamwamba pa denga, yolumikizidwa ndi lamba wa mkuwa wokwiriridwa m'nthaka, woikidwa ndi mmisiri wodziwa, kuti magetsi apeze njira yofupika. Sukulu, chalichi ndi cipatala ziyenera kukhala nayo.

MAGINITO, MBALE WAKE WA MAGETSI

Amalinyero akale anaona kuti mphezi ikagwera sitima, singano ya kampasi yao inkasokonezeka. Ici cinali cizindikiro cakuti magetsi ndi maginito ndi pacibale.

Maginito, monga uja wa m'sipika ya wailesi yakufa, amakoka misomali ndi singano, koma sakoka mkuwa, poto wa aluminiyamu kapena pepala. Ali ndi nsonga ziwiri, ya kumpoto ndi ya kum'mwera, ndipo lamulo ndi lomwe lija: zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Kusiyana kwake ndi uku: pozitivu ndi negetivu zingathe kulekanitsidwa, koma maginito akadulidwa pakati, cidutswa ciri conse cimakhalanso ndi nsonga ziwiri.

Mu 1600 William Gilbert wa ku England analemba kuti dziko lapansi nalonso ndi maginito wamkulu. Mwana angatsimikize yekha: akhule singano ndi nsonga imodzi ya maginito, kulowera mbali imodzi kambirimbiri, aiike pa tsamba loyandama m'mbale ya madzi. Singanoyo idzatembenuka ndi kuloza kumpoto ndi kum'mwera.

Mu 1820 Hans Christian Oersted wa ku Denmark anaona kuti waya wa magetsi umapotoza singano ya kampasi. Waya wokutidwa ukakulungidwa pa msomali ndi kulumikizidwa ku batire ya toci, msomaliwo umasanduka maginito. Mu 1831 Michael Faraday wa ku England anapeza mbali inayo: maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulunga, m'wayamo mumabadwa magetsi. Dainamo ya njinga imagwira nchito motero, ndipo makina a ZESCO ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amacita zomwezo, kungoti madzi ndiwo amazunguza maginito. Ndico cifukwa cake cilala ca 2024, citacepetsa madzi ku Kariba, cinathimitsa magetsi m'dziko lonse kwa maola ambiri tsiku liri lonse.

Masukulu amatseka m'mwezi wa Disembala, nthawi imene mabingu amacuruka, ndipo ana a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amabwerera kwao kukathandiza kulima. Cipeso, singano ndi mbale ya madzi zimapezeka pa khomo liri lonse. Mwana amene adzaonetsa makolo ake zimene waphunzira, nauza mng'ono wake woweta ng'ombe kuti asabisale pansi pa mtengo, adzakhala atabweza kale gawo la ndalama zimene analipiridwa ku sukulu.