Kachipangizo Kolondera Chimanga Changa

M'chipinda chomwe ndimasungira chimanga muli kachipangizo komwe ndinalumikiza ndekha, kongokwana m'dzanja. Ndinakapanga chifukwa dzinja lina ndinapeza matumba awiri apansi atachita chuku, ufa wake ukuwawa. Zinandipweteka mtima. Chuku chotere chimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo moto wophikira nsima sumuthetsa.

Ubongo wa kachipangizoka ndi ESP32, kakompyuta kakang'ono ka kampani ya Espressif ya ku Shanghai, komwe kanatuluka mu 2016 kali kale ndi Wi-Fi. Mphuno yake ndi DHT22, yoyeza kutentha ndi chinyezi cha mumpweya. Mawaya ndi atatu basi: wa magetsi a 3.3V, wa GND, ndi wonyamula uthenga. Pulogalamu yake ndinalembera pa Arduino IDE, yomwe ndi yaulere. DHT22 safuna kumupanikiza. Mpatseni masekondi 2 musanamufunsenso, apo ayi angokubwerezerani zakale. Ine ndinakonza zoti aziyeza pa mphindi 10 zilizonse, manambalawo n'kumabwera pa foni. Magetsi akazima, power bank imalowa m'malo.

Chinyezi chikakhala pamwamba pa 70 peresenti kwa masiku angapo, ndimadikira dzuwa liwale, n'kutsegula mawindo, kenako ndimaona ngati matumba sakutsamira khoma kapena kukhudza simenti.

Koma dziwani kuti kachipangizoka kamayeza mpweya wa m'chipinda, osati njere za m'thumba. Yanikani chimanga mpaka chinyezi chake chitsike kufika pa 13 peresenti musanasoke thumba.