Mawu a pa Zenera Lolandirira Mankhwala: Chinyanja ndi Kamwedwe ka Mankhwala Pakati pa Okalamba ku Mtenguleni

1.0 Mawu Oyamba

Ulendo wa munthu wodwala kuchipatala umathera pa zenera lolandirira mankhwala. Pamenepo iye amapatsidwa timatumba ta pulasitiki tokhala ndi mapiritsi, nauzidwa ziganizo ziwiri kapena zitatu, wina wa pambuyo pake n'kuitanidwa. Ntchito yonse imene dokotala wagwira pomuyeza imatsamira pa ziganizo zimenezi, pakuti mankhwala okamwedwa molakwika kunyumba sachiza, ndipo nthawi zina amapweteka. M'nkhani ino tikufuna kusonyeza kuti mbali ina ya ngozi zimene okalamba amakumana nazo pa kamwedwe ka mankhwala ili m'mawu enieniwo: m'matanthauzo a mayina ndi aneni ena a Chinyanja, ndiponso m'kalankhulidwe ka ulemu. Tisonyezanso kuti chiyankhulo chomwecho chili nazo njira zopewera ngozizi, malinga wolankhula azidziwe.

2.0 Malo ndi Ziyankhulo Zake

Zitsanzo zathu tazikhazika ku Mtenguleni, mudzi wa Angoni a Mpezeni kufupi ndi Chipata, kumene kumachitikira mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale, mwambo umene udatsitsimutsidwa m'chaka cha 1980. Makolo a Angoniwa adawoloka Zambezi mu 1835 akulankhula chiyankhulo cha kumwera, koma lero chiyankhulo chimenecho chatsalira m'nyimbo ndi m'mawu otamanda mafumu. Chimene anthu amalankhula pakhomo n'chofanana kwambiri ndi Chinsenga. Kusukulu ndi kutchalitchi amakumana ndi Chinyanja cha m'mabuku. Wopereka mankhwala, amene boma lingamutumize kuchokera kudera lililonse la Zambia, adaphunzira ntchito yake m'Chingerezi, ndipo mwina Chinyanja chimene amachidziwa ndi cha ku Lusaka. Motero pa zenera limodzi pamakumana malankhulidwe atatu kapena anayi, aliwonse ofanana ndi anzake mokwanira kuti onse awiri aziganiza kuti amvana.

3.0 Chifukwa Chosankhira Okalamba

Impso ndi chiwindi ndizo zimasefa ndi kuchotsa mankhwala m'thupi, ndipo munthu akamakalamba ziwalozi zimagwira ntchito pang'onopang'ono. Muyeso umene mnyamata angaupirire umakhalitsa m'magazi a nkhalamba. Chachiwiri, wokalamba kawirikawiri amakhala ndi matenda angapo nthawi imodzi, monga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi nyamakazi, ndipo angathe kulandira mankhwala ena kukiliniki ya kwawo, ena ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Chachitatu, maso ndi makutu zimafooka.

Akatswiri a zaumoyo adazindikira kale za vutoli. M'chaka cha 1991 dokotala wa ku America, Mark Beers, adatsogolera kulembedwa kwa mndandanda wa mankhwala osayenerera okalamba, umene ukukonzedwabe mpaka lero. Mu 2017 bungwe la WHO lidayambitsa ntchito yochepetsa ngozi zobwera ndi mankhwala, ndipo kumwa mankhwala amitundumitundu nthawi imodzi ndi chimodzi mwa zinthu zitatu zimene lidaikapo mtima. Mindandanda yotere imathandiza wolemba mankhwala. Ife tikuyang'ana zochitika mankhwalawo atalembedwa kale.

4.0 Mawu Ovuta

4.1 Dzina loti mankhwala ndi mneni kumwa

Dzina loti mankhwala ndi lotambalala. Limatchula mapiritsi a kuchipatala, mizu ya kwa sing'anga, zopopera thonje, zophera makoswe ndi zotsirikira pakhomo. Nayenso mneni kumwa ali ndi malire ake: munthu samwa zodzola, zodontheza m'maso, zotafuna, zofukiza kapena zotemera m'mphini. Tione mafunso awiri awa:

(1a) Kodi mukumwa mankhwala ena?
(1b) Kupatula a kuno, pali china chimene mumamwa, mumatafuna kapena mumadzola: cha pa kantemba, cha kwa sing'anga, kapena chimene mnzanu adakugawirani?

Gogo angayankhe (1a) kuti "Iyayi" popanda kunama. Pokhala m'chipatala, iye watenga dzinalo m'tanthauzo lake lopapatiza, la mankhwala olembedwa ndi dokotala. Brufen amene amagula pa kantemba mawondo akamaphwanya samuwerengera, pakuti kwa iye ndi kanthu kongoziziritsira ululu. Koma mankhwala a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac, akamamwedwa kawirikawiri ndi wokalamba, angathe kuyambitsa zilonda zotaya magazi m'mimba, kuwononga impso, ndi kufooketsa mphamvu ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Funso (1b) ndi lalitali, koma limatchula aneni atatu ndi magwero atatu, ndipo silisiya mpata woti womvera asankhe yekha tanthauzo.

4.2 Mumwe ndi muzimwa

Mankhwala a kuchipatala ali m'magulu awiri amene wodwala ayenera kuwasiyanitsa. Pali omaliza, monga a malungo ndi a chibayo, amene amamwedwa kwa masiku owerengeka mpaka atatha onse. Palinso osaleka, monga a kuthamanga kwa magazi, a shuga ndi ma ARV, amene sachotsa matenda koma amangowagoneka. Vuto lili pa mneni kuchira. M'maganizo a tsiku ndi tsiku, mankhwala ndi ochiritsa, ndipo wochira ndi amene sakumvanso kupweteka. Gogo amene mutu wasiya kumupweteka amanena moona mtima kuti "Ndachira," nasunga otsalawo kuti adzamwe BP ikadzakweranso. Koma kuthamanga kwa magazi kumawononga mitsempha, mtima ndi impso munthu asakumva kanthu, ndipo chizindikiro choyamba chingakhale kufa ziwalo mbali imodzi.

Chinyanja chimasiyanitsa magulu awiriwa ndi kamphatikiri kamodzi:

(2a) Mumwe limodzi m'mawa.
(2b) Muzimwa limodzi m'mawa uliwonse, osadumphitsa, ngakhale thupi lili bwino. Asanathe mudzatenge ena.

Mu (2a) ntchito ndi yochitika n'kutha. Mu (2b) mphatikiri -zi- akusonyeza ntchito yoyenera kuchitika mobwerezabwereza popanda malire. Wophunzira Chinyanja ali wamkulu kale, monga namwino wochokera kudera lina, angathe kugwiritsa ntchito (2a) ponseponse osadziwa kuti wauza wodwala kuti mankhwalawo ali ndi polekezera. Mofananamo, kwa mankhwala omaliza mneni woyenera ndi kumaliza: "Mumalize onse, ngakhale mutapeza bwino mawa."

4.3 Nthawi

Mawu oti mawa ndi m'mawa amangosiyana ndi m wa kumayambiriro, amene ali phatikizo payekha. Kwa munthu wa makutu olemera, womvera kudzera pa zenera pakati pa phokoso, phatikizo limeneli silimveka bwino. "Mumwe m'mawa" angamveke "Mumwe mawa." Chimodzimodzinso dzulo ndi madzulo: funso loti "Munamwa madzulo?" lingayankhidwe ngati kuti lafunsa za dzulo. M'Chinyanja cha ku Lusaka muli liwu loti mailo, limene limaimira dzulo ndi mawa lomwe, ndipo nthawi ya mneni ndiyo imasiyanitsa.

Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira. Mapiritsi okodzetsa, monga furosemide, amamwedwa m'mawa kuti wodwala asamadzuke usiku. Nkhalamba yomwa mapiritsiwa pogona imatuluka kangapo mumdima kupita kuchimbudzi, chizungulire chili m'mutu, ndipo kugwa kwa wokalamba kungathyole fupa la m'chiuno. Njira yabwino ndi kumangirira nthawi ku chinthu chooneka: dzuwa likangotuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likalowa, pokagona. Timatumba tambiri ta mankhwala tili ndi zithunzi za dzuwa ndi mwezi, ndipo mawu otere amagwirizana ndi zithunzizo.

Mawu oti katatu pa tsiku nawonso ali ndi vuto. Dokotala amatanthauza kugawa usana ndi usiku m'magawo atatu otalikirana mofanana. Mlimi wolawirira kumunda angamve kuti chofunika ndi chiwerengero chokha, namwa katatu konse pakati pa masana ndi madzulo atabwerako.

4.4 Chiwerengero

(3a) Awiri katatu pa tsiku.
(3b) Atatu kawiri pa tsiku.

Ziganizo ziwirizi zili ndi matsinde omwewo, -wiri ndi -tatu, ndipo zimangosiyana pamene pagwera mphatikiri ka-. Pa tsiku zonse ziwiri zimapereka mapiritsi 6, koma muyeso wa pa nthawi imodzi ndi wosiyana. Pa katumba pamalembedwa 2 x 3, ndipo manambala okhawo sanena kuti mapiritsi ndi ati, maulendo ndi ati. Malangizo a Coartem, amene Zambia idawasankha mu 2002 kukhala mankhwala oyamba a malungo, ali ndi ziwerengero zitatu m'chiganizo chimodzi: munthu wamkulu amamwa mapiritsi anayi, kawiri pa tsiku, kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, ndipo muyeso wachiwiri umamwedwa patapita maola 8. Chiganizo chotere n'cholemera ngakhale kwa wachinyamata. Kwa wokalamba nkoyenera kuchidula, chiwerengero chilichonse chikhale ndi dzina lake: "Dzuwa likatuluka, mapiritsi anayi. Dzuwa likalowa, mapiritsi anayi. Lero, mawa ndi mkuja."

4.5 Mneni kudya

Kumudzi munthu amene sanadye nsima amati sanadye, ngakhale watafuna mbatata kapena wamwa phala. Malangizo oti "Mumwe mutadya" angachititse gogo kusunga mankhwala a m'mawa mpaka nkhomaliro. Mbali ina ya vutoli ndi yoopsa koposa. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, zakumunda zisanache, mabanja ena amadya kamodzi pa tsiku. Wodwala shuga amene amamwa glibenclamide wosadya angathe kutsikirwa shuga m'magazi: amanjenjemera, amatuluka thukuta, amasokonezeka maganizo, mwinanso kukomoka. N'chifukwa chake mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika umanena kuti glibenclamide si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60. Achibale poona gogo akubwebweta angati ndi ukalamba chabe, pamene madzi a shuga ndi kuthamangira naye kuchipatala zikadamupulumutsa. Wopereka mankhwala afunse kuti "Mumadya kangati pa tsiku masiku ano?" ndipo atchule zakudya ndi mayina ake: phala, mbatata, nthochi, nsima.

4.6 Maonekedwe

Mayina a mankhwala ndi achilendo, choncho okalamba amawatchula poona maonekedwe: toyera ting'onoting'ono, tofiira, tachikasu. Matsinde akale a mitundu m'Chinyanja ndi atatu, -yera, -fiira ndi -da, ndipo mapiritsi ochuluka amagwera m'gulu la oyera. Kuwonjezera apo, mankhwala amodzimodzi opangidwa ndi makampani awiri angasiyane mtundu ndi kukula. Gogo wolandira toyera mwezi uno, pamene mwezi watha adalandira tachikasu, angaganize kuti ndi mankhwala atsopano, namwa onse awiri. Zoterezi zimachitikanso ndi paracetamol, amene ali mu Panado ndiponso m'mankhwala ambiri a chimfine. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, ndipo wokalamba wofooka ayenera kuchepetsapo, pakuti opitirira muyeso amawononga chiwindi. Pofuna kupewa izi, katumba kalikonse katchulidwe ndi ntchito yake, "a shuga," "a BP," "a mawondo," ndipo wodwala azibwera ndi timatumba take tonse, takale ndi tatsopano, ulendo uliwonse.

5.0 Ulemu

Wopereka mankhwala akamaliza amafunsa kuti "Mwamva?" ndipo yankho limakhala "Inde" pafupifupi nthawi zonse. Inde wotereyu ndi wa ulemu. Wokalamba safuna kuoneka wosamva pamaso pa anthu a pa mzere, ndiponso safuna kuchititsa manyazi mwana wophunzira pomusonyeza kuti sanafotokoze bwino. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, komatu mwambo womwewo umachititsa kuti kufunsa kukhale kolemera kwa mkulu pamaso pa mwana. Naye wachinyamata sangauze munthu wa msinkhu wa agogo ake kuti "Bwerezani zimene ndanena," pakuti mawu amenewo ndi a mphunzitsi kwa mwana wa sukulu. Chinyanja chili ndi njira yozembera mpanipani umenewu, yomwe ndi kudziikira mlandu wolankhulayo:

(4) Agogo, mwina ndalankhula mofulumira. Tandithandizani, mukafika kunyumba aka mukamwa bwanji?

Mphatikiri ta- akufewetsa pempho, mneni kuthandiza akuika mkulu pamalo pa wopereka thandizo, ndipo yankho lake silingakhale inde. Liwu loti agogo, lochokera ku Chingoni, ndi lomveka bwino ku Mtenguleni, monganso ambuya kwa ena. Ngati gogo wabwera ndi mdzukulu, malangizo apite kwa onse awiri, koma nkhope iyang'ane kwa mwini matenda. Mkulu wolambalalidwa pa nkhani ya thupi lake sachedwa kutaya chidwi ndi mankhwalawo.

6.0 Mawu Otsiriza

Taona kuti pa zenera lolandirira mankhwala kusiyana kwa mumwe ndi muzimwa, mawa ndi m'mawa, awiri katatu ndi atatu kawiri, kungakhale kusiyana kwa kuchira ndi kuvulala. Palibe ngakhale chimodzi mwa zitsanzo zathu chimene chafuna kupeka liwu latsopano. Zonse zathetsedwa ndi zimene chiyankhulo chili nazo kale: mphatikiri woyenera, mneni wotchulidwa bwino, nthawi yomangiriridwa ku dzuwa, ndi pempho laulemu.

Ntchito imene ikutsalira ife a ziyankhulo ndi itatu. Yoyamba ndi kusonkhanitsa mawu amene okalamba a ku Mtenguleni ndi midzi yozungulira amagwiritsa ntchito potchula nthawi, chakudya ndi zowawa za m'thupi, m'Chingoni cha lero, m'Chinsenga ndi m'Chichewa. Yachiwiri ndi kukonza, mothandizana ndi a zaumoyo, ziganizo zazifupi zoyesedwa pa omvera enieni, zoti ziphunzitsidwe m'masukulu a anamwino ndi kuulutsidwa pa mawailesi a ku Chipata monga Breeze FM ndi Radio Maria. Yachitatu ndi ya aphunzitsi a Chinyanja. Pophunzitsa mphatikiri -zi- kapena mphatikiri ka- wa ziwerengero, katumba ka mankhwala ndi chitsanzo chabwino ngati china chilichonse cha m'buku, ndipo mwana amene akuphunzira phunzirolo lero ndi yemweyo amene adzaperekeze agogo ake kukiliniki.