Mbalame Zapaulendo za ku Bazaruto

Anzathu alimi, m'mwezi wa Okutobala timasosa minda. Dzuwa limaswa mtengo. Mvula ikayandikira timaona anamzeze ochuluka amene kunalibe m'miyezi yachisanu. Mbalame zimenezi ndi alendo ochokera kutali. Kuti tiudziwe bwino ulendo wawo, tiyeni tiphunzire za malo ena a m'dziko lathu la Mozambiki, m'mbali mwa nyanja yaikulu yamchere, kumene mbalame zapaulendo zimasonkhana zambirimbiri.

Malowa ndi Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane, pafupi ndi Vilankulo ndi Inhassoro. Kuli zilumba zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. M'chaka cha 1971 kunakhazikitsidwa malo osungirako nyama ndi zomera. M'chaka cha 2001 malowo anawakulitsa kuti zilumba zonse zisanu zikhalemo.

Zimachokera kuti?

Zambiri zimachokera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Siberia ndi ku Ulaya. Kumeneko zimaikira mazira ndi kulera ana m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Ikafika Seputembala, ku Ulaya masamba amayamba kuyoyoka m'mitengo, ndipo ku Siberia madzi ndi nthaka zimayamba kuuma gwa ndi chisanu. Tizilombo timasowa. Mbalame zikatsala, njala iziphera pomwepo. Choncho zimauyamba ulendo wakummwera. Zina zimauluka makilomita opitirira 10,000, chonsecho kambalame kake kangathe kukwana m'dzanja limodzi.

Zambiri mwa izo ndi zamiyendo yaitali ndi milomo yaitali. Pa Chipwitikizi amazitcha maçarico. Palinso ina yoyera ndi yakuda, yamlomo wolimba wothyolera nkhanu. Imeneyo kwawo ndi m'magombe a ku Arabia ndi maiko oyandikana nawo.

Zimatsata chiyani ku Bazaruto?

Zimatsata chakudya. Nyanja yamchere sili ngati nyanja yathu ya Niassa ayi. Madzi ake amadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku. Akaphwera pamatsala mchenga ndi matope, malo aakulu ndithu. M'matopemo muli nyongolotsi, tinkhanu ndi tinkhono. Pamenepo ndiye pamunda pa mbalamezi. Madzi akadzaza, zimaunjikana pamchenga wouma n'kupuma.

Zimakhala kumeneko dzinja lonse. M'miyezi ya Marichi ndi Epulo, ife tikamadya zamondokwa, izo zimadya kwambiri ndi kunenepa. Mafutawo ndiwo kamba wawo wa paulendo wobwerera. Munthu kapena galu akamaziutsa pamene zikupuma, kamba uja amathera pachabe. Mbalame yonyamuka yowonda sifika kwawo, ndipo siswa ana chaka chimenecho. N'chifukwa chake malo ngati Bazaruto amatetezedwa.

Timadziwa bwanji?

Ophunzira za mbalame amazigwira ndi kuziveka kamphete kumwendo. Pa kamphetepo pamalembedwa nambala. M'chaka cha 1911 namzeze wina anavekedwa mphete ku England. M'mwezi wa Disembala 1912 anapezeka ku Natal, ku South Africa. Anthu anaona ndi maso kuti kambalame kakang'ono kangathe kudutsa Afirika yense.

Njira ina ndiyo kuziwerenga. Kuyambira m'chaka cha 1967, anthu a m'maiko ambiri amawerenga mbalame zam'madzi m'mwezi wa Januwale. Kugombe amadikira kuti madzi adzaze, mbalame zikhale pamodzi. Amaima patali, dzuwa lili kumsana, osachita phokoso. Amawerenga khumi zoyamba, kenaka amaligawa gulu lonse ndi maso m'makhumimakhumi. Magulu 30 a khumi ndiye kuti mbalame 300. Nambala ikamachepa chaka ndi chaka, amadziwa kuti pena pake palakwika.

Nanga ife akumtunda?

Mwina wina anena kuti, "Ine wa ku Angónia kapena ku Niassa, za kunyanja ya mchere zikundikhudza pati?" Zikutikhudza ndithu. Nyengo yomweyo imene maçarico amafika kugombe, alendo enanso amafika m'minda mwathu. Namzeze wa ku Ulaya amadya ntchentche, inswa ndi tizilombo tina touluka. Dokowe woyera amayenda m'minda ndi m'madambo kutola dzombe ndi ntchemberezandonda. Amenewa ndi aganyu osafuna malipiro. Tisawasokoneze ndi mpheta zimene zimatha mapira ndi mpunga. Namzeze ndi dokowe sadya mbewu zathu.

Monga maçarico amafuna matope a ku Bazaruto, anamzeze amafuna bango logonamo, ndipo adokowe amafuna madambo odyeramo. Ndiye udindo wathu ndi uwu:

Tisatchere misampha kapena ulimbo pamene mbalamezi zimagona. Tiwauze ana asamazigende ndi malegeni.

Tisatenthe bango la m'madambo mwachisawawa.

Tikatha kupopera thonje kapena ndiwo zamasamba, tisatsukire pampu mumtsinje. Mankhwalawo amapha tizilombo tam'madzi, nsomba ndi mbalame zomwe.

Tikapeza mbalame yakufa ili ndi mphete, tilembe nambala, tsiku ndi malo, n'kukapereka kwa alangizi a zaulimi.

Mafunso

1. Tchulani zilumba ziwiri za ku Bazaruto.
2. N'chifukwa chiyani mbalame zimachoka kumpoto m'mwezi wa Seputembala?
3. Kodi kamba wa mbalame zapaulendo n'chiyani?
4. Magulu 25 a mbalame khumikhumi, zonse pamodzi ndi zingati?

Ntchito

Chaka chino aliyense alembe m'kope mwake tsiku limene waona gulu loyamba la anamzeze kapena adokowe. Alembenso tsiku limene yagwa mvula yodzalira. Tidzawerengerane m'kalasi, tione kuti pakati pake papita masiku angati.